Moritz Kaposi (1837-1902): Dotolo wa Matenda a Pakhungu

Aliyense amene adakazondako odwala m'zipatala zathu zikuluzikulu, kaya ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kaya ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mwina adamvapo madotolo ndi anamwino akutchula mawu akuti Kaposi. Ena amangofupikitsa kuti KS. Ambiri amayesa kuti mawuwa ndi a Chingerezi kapena a Chilatini, otanthauza zotupa zakuda zija zimene zimatuluka m'miyendo mwa odwala ena. Koma ayi, Kaposi ndi dzina la munthu. Iyeyu adali dotolo wochokera ku Hungary amene adagwira ntchito moyo wake wonse mumzinda wa Vienna, ndipo papita zaka zoposa 120 chimwalirireni. Nanga zidatheka bwanji kuti dzina la munthu wakutali chotere lizimveka tsiku ndi tsiku m'mawodi a kuno kwathu? Tiyeni, owerenga athu, timve mbiri yake.

Ubwana ndi maphunziro

Moritz adabadwa pa 23 Okutobala 1837 m'tauni ya Kaposvár, kumwera chakumadzulo kwa dziko la Hungary. Makolo ake adali Ayuda osapata kwenikweni, ndipo dzina la banja lawo lidali Kohn. Tsono pa ubwana wake wonse, ngakhalenso pamene ankayamba udotolo, anthu ankamudziwa kuti ndi Moritz Kohn. Masiku amenewo Hungary idali pansi pa mafumu a ku Austria, ndipo Ayuda adalibe ufulu wofanana ndi wa anthu ena. Malamulo owapatsa ufulu wonse adadza m'chaka cha 1867, Moritz ali ndi zaka 30. Kwa mwana wa Chiyuda wa m'banja losauka, njira imene idali yotsegukirako idali ya sukulu, makamaka ya udotolo.

Atatsiriza sukulu ya sekondale adapita ku sukulu ya ukachenjede ya ku Vienna, kumene adapata digiri ya udotolo mu 1861. Pa nthawi imeneyo Vienna idali likulu la maphunziro a zachipatala ku Ulaya. Chipatala chake chachikulu, chimene chidatsegulidwa mu 1784, chidali ndi mabedi pafupifupi 2,000. Kumeneko kudali akatswiri otchuka monga Carl Rokitansky, amene ankang'amba mitembo kuti aone chimene nthenda yaononga m'kati mwa thupi, ndi Josef Skoda, amene ankaphunzitsa kugogoda ndi kumvetsera pachifuwa cha wodwala. Mfundo ya aphunzitsi amenewa idali imodzi: dotolo asamangoganizira, koma ayang'ane, akhudze, alembe zimene waona, ndipo wodwala akamwalira akatsimikize ngati zimene ankaganiza zidali zoona.

Pa mapazi a Hebra

Mphunzitsi amene adasintha moyo wa Moritz adali Ferdinand Hebra. Iyeyu adayambira ntchito m'wodi imene madotolo ena ankainyoza, ya anthu odwala mphere. Chikhulupiriro chakale chinkati matenda a pakhungu ndi zoipa za m'magazi zimene zikufuna potulukira, kotero kuti kuchiza khungu n'kubwezera nthendayo m'kati. Hebra adatsutsa zimenezi. Mu 1844 adaonetsa poyera kuti mphere zimayamba ndi kachirombo kakang'ono kamene kamakumba m'khungu, ndi kuti ukapha kachiromboko munthu amachira. Kuchokera pamenepo adayamba kusanja matenda a pakhungu m'magulu molingana ndi zimene zasintha m'khungumo.

Moritz adakhala wothandizira wa Hebra, ndipo mu 1866 adaloledwa kuphunzitsa atalemba buku lofotokoza mmene chindoko chimaonekera m'kamwa, kukhosi ndi m'mphuno. Ntchito ya m'wodi ya khungu siinali yosiririka. Odwala ambiri adali amphawi, zilonda zawo zidali zonunkha, ndipo mankhwala amphamvu amene tiri nawo lero kudalibe. Chida chachikulu cha dotolo chidali maso ake. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneku Moritz adali nako. Ankatha kusiyanitsa zotupa zimene kwa ena zinkaoneka zofanana, poyang'ana mtundu wake, kukula kwake, malo amene zayambira ndi mmene zikusinthira pakapita masabata.

Ukwati ndi dzina latsopano

Mu 1869 Moritz adakwatira Martha, mwana wamkazi wa Hebra, motero mphunzitsi wake adasanduka mpongozi wake. Asanakwatire adasiya chipembedzo cha Chiyuda nalowa Mpingo wa Katolika, umene banja la Hebra linkapemphera. Patapita zaka ziwiri, mu 1871, adasiya dzina lakuti Kohn natenga lakuti Kaposi, pokumbukira kwawo ku Kaposvár, tauni imene iri m'mbali mwa mtsinje wa Kapos. M'chinenero cha ku Hungary dzinali limamveka ngati Kaposhi.

Kusintha kumeneku kudautsa manong'onong'o. Mwini wake adafotokoza kuti ku Vienna kudali madotolo ena angapo a dzina lakuti Kohn, ndipo sankafuna kuti zolemba zake zizisokonezeka ndi za anzakewo. Koma ena ankati wachita dala pofuna kubisa mtundu wake kuti akwere msanga pa ntchito, pakuti ngakhale malamulo adasintha, tsankho losala Ayuda lidali likadalipo. Enanso ankati mwayi wake wagona pa ukwati. Za mumtima mwa munthu n'zovuta kuziweruza patapita zaka zambiri chotere. Chimene tingathe kunena n'chakuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima: Kaposi adadziwa kuti maso a anthu ali pa iye, ndipo yankho lake lidali ntchito. Chaka chotsatira chomwe adalemba nkhani ziwiri zimene madotolo akuzikumbukirabe mpaka lero.

Odwala asanu a mu 1872

Nkhani yoyamba idatuluka mu 1872 m'magazini ya madotolo a khungu yolembedwa m'Chijeremani. M'menemo adafotokoza za amuna asanu, a zaka zapakati pa 40 ndi 68, amene adabwera ndi nthenda yachilendo. Pakhungu pawo pankatuluka timibulu tofiirira kapena tobiriwira, tina tating'ono ngati njere ya tsabola, tina ngati nsawawa, tina tokulirapo. Timibuluti tinkayambira kumapazi, kenaka m'manja, ndipo pambuyo pake tinkafalikira m'miyendo, m'mikono, kumaso ndi thupi lonse. Mapazi ndi manja zinkatupa ndi kuuma gwa, mwakuti wodwala ankalephera kuyenda kapena kugwira ntchito.

Kaposi sadalekere pakhungu. Monga adaphunzirira kwa Rokitansky, adatsatira nthendayo mpaka m'kati mwa thupi. Pamene mtembo wa mmodzi mwa odwalawo udapimidwa, zotupa zomwezo zidapezeka kukhosi, m'mapapo, m'mimba, m'matumbo ndi m'chiwindi. Atayang'ana kachidutswa ka chotupa pa makina okulitsa zinthu, adaona maselo a chotupacho, timitsempha ta magazi tambirimbiri, ndi magazi amene adatayikira pakati pa maselowo. Magazi otayikawo ndi amene ankapatsa zotupazo mtundu wake.

Pa zonsezi adatolapo mfundo zitatu. Yoyamba, iyi ndi khansa ya mtundu wakewake. Yachiwiri, siyambira pamalo amodzi n'kumayenda monga zichitira khansa zina, koma imaphuka m'malo ambiri, kotero kuti kudula chotupa chimodzi sikuthetsa nthendayo. Yachitatu, odwala ake ankamwalira pasanathe zaka ziwiri kapena zitatu. Adaipatsa dzina lalitali lotanthauza khansa ya pakhungu ya zotupa zambiri zakuda, yosadziwika chiyambi chake. Mawu otsirizawa akusonyeza kuona mtima kwake: adafotokoza zimene adaona, ndipo pa zimene sadathe kuzipeza adavomera. Mu 1894 adakonza dzinalo naikamo mawu onena za kukha magazi. Koma madotolo anzake adaona kuti n'kwapafupi kungoitchula ndi dzina la mwini wake, ndipo ndi mmene dzina lakuti Kaposi's sarcoma lidakhazikikira.

Ntchito zina, zofooka ndi imfa yake

Nkhani yachiwiri ya mu 1872 idali yokhudza nthenda yotchedwa lupus erythematosus, imene imatulutsa zidzolo zofiira m'masaya ndi pamphuno. Anthu ankayesa kuti ndi ya pakhungu pokha, koma Kaposi adaonetsa kuti odwala ena amatentha thupi, amamva kuphwanya m'mfundo, amaonda, ndipo ena amafa nayo. Mu 1874 iye ndi Hebra adafotokozanso nthenda yobadwa nayo yotchedwa xeroderma pigmentosum, imene imachititsa khungu la ana kupsa ndi dzuwa ndi kuchita khansa akadali aang'ono.

Mu 1875 adakhala pulofesa. Hebra adamwalira mu 1880, ndipo chaka chotsatira Kaposi adalowa m'malo mwake ngati mkulu wa chigawo cha matenda a pakhungu. Buku lake lalikulu la maphunziro, limene lidatuluka mu 1880, lidamasuliridwa m'zinenero zingapo, ndipo madotolo ochokera m'maiko ambiri ankabwera ku Vienna kudzamvera iye akuphunzitsa pambali pa bedi la wodwala. Zolemba zake zonse zidapitirira 150.

Komabe munthu salephera kukhala ndi pofooka. Nthawi ya Kaposi idali yomwe akatswiri monga Robert Koch ankatulukira tizirombo toyambitsa matenda. Koch adapeza kachirombo ka chifuwa chachikulu mu 1882. Kaposi, amene ankakhulupirira kwambiri maso ake, adachedwa kulandira zina mwa nzeru zatsopanozi, ndipo kwa nthawi yaitali ankakana kuti nthenda ina ya zilonda za kumaso, yotchedwa lupus vulgaris, ndi chifuwa chachikulu cha pakhungu. Pamenepa adalakwa. Iye adamwalira ku Vienna pa 6 Malichi 1902 ali ndi zaka 64, asakudziwa kuti khansa yotchedwa dzina lake nayonso imayamba ndi kachirombo. Lero chipatala chachikulu cha kwawo ku Kaposvár chimadziwika ndi dzina lake.

Nthendayo ipezeka mu Africa

Kwa zaka zambiri Kaposi atamwalira, khansayi inkaonedwa ngati yosowa kwambiri. Inkapezeka mwa amuna okalamba a ku Italy, Greece ndi mwa Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya, ndipo mwa ambiri inkayenda pang'onopang'ono, mosiyana ndi odwala asanu aja. Madotolo ambiri a ku Ulaya ndi America ankapuma pa ntchito asadaionepo.

Koma m'zaka za m'ma 1950 madotolo ogwira ntchito ku Uganda, Congo ndi maiko oyandikana nawo adazindikira kuti kumeneko nthendayi siyosowa konse. Inkagwira amuna a msinkhu wapakati, ndiponso ana, amene ankatupa mwanabere. Mu 1961 kudachitika msonkhano wa akatswiri ku Kampala wokambirana za nthenda yomweyi. Pambuyo pake kudaonekanso chinthu china chodabwitsa. Anthu amene adaikidwa impso ya munthu wina amapatsidwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi kuti thupi lisakane impsoyo. Ena mwa iwo adayamba kutuluka zotupa za Kaposi, ndipo madotolo akachepetsa mankhwalawo, zotupazo nthawi zina zinkafota zokha. Apa padaoneka kuti pali ubale pakati pa khansayi ndi chitetezo cha m'thupi.

Ubalewo udaonekera poyera mu Julayi 1981, pamene boma la America lidalengeza kuti amuna 26 achinyamata a ku New York ndi California apezeka ndi khansa ya Kaposi yoyenda mwaliwiro. Ichi chidali chimodzi mwa zizindikiro zoyamba za mliri wa Edzi. Kwa anansi athu ku Zambia, dotolo wa opaleshoni Anne Bayley wa pa chipatala chachikulu cha ku Lusaka adaona mu 1983 kuti odwala ake asintha: adali achinyamata, ena akazi, oonda, otupa mwanabere, a zotupa m'kamwa ndi m'mapapo, ndipo ankafa msanga. Adalemba zimenezi mu 1984. Ku Malawi wodwala Edzi woyamba adatsimikizidwa mu 1985, ndipo m'zaka zotsatira khansa ya Kaposi idasanduka imodzi mwa khansa zofala kwambiri m'dziko muno, makamaka pakati pa amuna.

Kachirombo kodziwa kubisala

Funso limene Kaposi adalisiya losayankhidwa lidayankhidwa mu 1994, patapita zaka 122. Akatswiri awiri a pa Columbia University ku New York, Yuan Chang ndi mwamuna wake Patrick Moore, adayerekeza khungu lodwala ndi khungu labwino la munthu mmodzi yemweyo, napeza kuti m'chotupamo muli kachirombo kamene kadali kasadadziwike. Kachiromboka ndi ka m'banja la herpes, ndipo kamatchedwa HHV-8 kapena KSHV. Si kachirombo ka HIV ayi. Kamafala makamaka kudzera m'malovu, ndipo m'chigawo chathu chino cha Africa anthu ambiri amakatenga akadali ana. Ochuluka mwa iwo amakhala nako moyo wawo wonse osadwala.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kudziwa mmene thupi limadzitetezera. Thupi lidapangidwa ndi maselo, ndipo selo lirilonse limaika kunja kwake tizidutswa ta zinthu zimene zikupangidwa m'kati mwake, monga mmene wapaulendo amatsegulira chikwama chake pachipata kuti alonda aone zimene wanyamula. Timbale timene timanyamula tizidutswato timatchedwa MHC. Asirikali a m'magazi otchedwa maselo a T amayendera timbaleti, ndipo akaona kachidutswa kachilendo amapha selo lonselo pamodzi ndi kachirombo kamene kali m'kati.

Kachirombo ka Kaposi kali ndi njira zingapo zozembera alondawa. Yoyamba ndi kugona tulo. Kakalowa m'selo kamangokhala phee, n'kumapanga mapulotini ochepa kwambiri, kotero kuti palibe zambiri zoti zionekere kunja. Imodzi mwa mapulotini ochepawo, yotchedwa LANA, imamangirira kachiromboko ku chibadwa cha selo, mwakuti selo likagawikana pawiri, ana onse awiri amatengera kachiromboko. LANA yomweyo imafooketsa pulotini ya thupi yotchedwa p53, imene ntchito yake ndi kulamula selo loonongeka kuti life.

Njira yachiwiri ndi kuchotsa timbale tija. Kachiromboka kakadzuka kuti kaswane, kamapanga mapulotini awiri, K3 ndi K5, amene amakokera timbale ta MHC m'kati mwa selo kuti tikaonongedwe. Msirikali akafika sapeza choti aone. Thupi liri ndi asirikali ena, otchedwa NK, amene amapha selo lirilonse losaonetsa timbale, koma K5 imachotsanso zizindikiro zina zimene zimaitana asirikali amenewa.

Njira yachitatu ndi kuba. Pa zaka zambirimbiri zimene kakhala mwa anthu, kachiromboka kadatengera malangizo ena a thupi lathu n'kuwasandutsa ake. Ndi malangizo obawo kamatseka mfuu imene selo logwidwa limakuwa pochenjeza anzake, yotchedwa interferon, ndiponso kamatumiza mauthenga abodza olamula kuti timitsempha ta magazi tatsopano timere. Timitsempha timeneti ndi tosalimba, timadontha magazi, ndipo ndi tomwe tija Kaposi adationa mu 1872.

Ngakhale kali ndi machenjera onsewa, kachiromboka sikapambana thupi la chitetezo champhamvu. Asirikali amakapanikiza kuti kakhale chigonere. Koma chitetezo chikatsika, kaya chifukwa cha ukalamba, mankhwala, kapena HIV imene imapha maselo a CD4 otsogolera nkhondoyo, kachirombo kaja kamapeza mpata ndipo zotupa zimayamba.

Khansa ina yofanana nayo

Mu 2008 Chang ndi Moore, ali ku Pittsburgh, adapezanso kachirombo kena m'khansa ina ya pakhungu yosowa koma yoopsa kwambiri, yotchedwa Merkel cell carcinoma. Khansayi idafotokozedwa koyamba ndi Cyril Toker mu 1972, patangotha zaka 100 chilembereni Kaposi nkhani yake. Kachiromboko kamapezeka mwa odwala pafupifupi 8 pa 10 alionse. Khansa imeneyi nayo imakonda okalamba ndi ofooka chitetezo, nayo imachepetsa timbale ta MHC, ndiponso imaika kunja kwa maselo ake chizindikiro chotchedwa PD-L1 chimene chimagwetsa ulesi maselo a T. Akatswiri atazindikira zimenezi adayesa mankhwala otseka chizindikirocho kuti asirikali adzuke, ndipo mu 2017 mankhwala otchedwa avelumab adavomerezedwa ku America pochiza khansayi. Apa tikuona kuti kudziwa mmene mdani amabisalira ndiye chiyambi cha kumugonjetsa.

Zimene tingatolepo

Mfundo yachitatu ya Kaposi, yakuti nthendayi ndi imfa basi, lero siigwiranso ntchito. Kuyambira mu 2004, pamene boma la Malawi lidayamba kupereka mankhwala a ARV mwaulere, anthu ambiri aona zotupa zawo zikufota chitetezo chikamabwerera. Amene nthenda yawakulira amalandiranso mankhwala a khansa monga bleomycin, vincristine kapena paclitaxel. Chimene chikuphabe anthu ndi kuchedwa. Pakhungu lakuda zotupazi zimaoneka ngati mabanga akuda kapena ofiirira, kawirikawiri osapweteka poyamba, m'mapazi, m'miyendo, pamphuno kapena kumwamba kwa m'kamwa, ndipo mwendo umatha kutupa n'kuuma. Ambiri amati alodzedwa kapena aponda mankhwala, nataya miyezi akutemera mphini. Ena amabisa poopa kunenedwa. Tsono makolo ndi achibale, mukaona zizindikiro zotere musazengereze: pitani naye m'bale wanuyo kuchipatala akapimidwe, ndi kuyezetsa magazi. Kusamala wodwala wotere, kumusambitsa kapena kumugwira dzanja sikupatsa munthu khansa, choncho palibe chifukwa chomusala.

Kwa ife amene tikadali pa sukulu, moyo wa Kaposi ukutiphunzitsa kulemekeza ntchito yooneka yaing'ono. Iye adalibe makina amakono, ndipo odwala asanu aja sadathe kuwachiritsa. Chimene adachita ndi kuwayang'ana mosamala ndi kulemba zoona zokhazokha. Zimene adalembazo zidadikira zaka zoposa 100, ndipo pamene mliri udabuka, madotolo a ku New York ndi a ku Lusaka adazindikira msanga chimene akuona chifukwa wina adali atachifotokoza kale bwinobwino. Mutu umodzi susenza denga: Hebra adaphunzitsa Kaposi, Kaposi adasiyira Bayley, Chang ndi Moore, ndipo ntchito yopeza njira zabwino zotetezera ndi kuchiza anthu a kuno kwathu ikudikirabe ena, mwina ochokera pakati pa ife tomwe.